Amisiri Omanga Mafupa M'nyanja ya Mchere

Madzi a mtsinje wa Bua akachoka ku Mchinji amathira m'nyanja ya Malaŵi, nadzera m'Shire ndi m'Zambezi mpaka kukafika kunyanja ya mchere ku Mozambique. Kumeneko kuli kanyama kobulungira, kaminga thupi lonse ngati kanungu, kamene Angerezi amati sea urchin. M'madambo a ku Mkanda kapena ku Kamwendo simupezeka kanyama kotere, komabe kathandiza akatswiri kuyankha funso limene mwana wa sukulu amafunsa akatola nkhono: kodi chinthu cholimba chimachokera kuti m'thupi lofeŵa?

Dzira la kanyamaka likagaŵikana kanayi pamakhala maselo 16, ndipo anayi a kumunsi amakhala aang'ono kuposa anzawo. Ameneŵa ndiwo makolo a amisiri. Zidzukulu zawo zimachoka pakhungu la mluza ndi kuloŵa m'mphako ya m'kati. M'menemo zimatambasula tizingwe, kugwirana ndi kuphatikizana mpaka kukhala ngati nkhata yokhala ndi mfundo ziŵiri, ina kumanja ina kumanzere. Pamfundo iliyonse pamabadwa kanjere ka laimu, wofanana ndi wa chigoba cha dzira la nkhuku, ndipo kamaphuka nthambi zitatu ngati mphondero ya nkhuku pafumbi. Nthambizo zimatalika, kupindika ndi kuchita mphanda, nizikhala nsichi zochirikiza mikono imene kamwanako kamasambirira ndi kukokera chakudya.

Nanga pulani ya nyumbayi amasunga ndani? M'chaka cha 1975 mayi Kayo Okazaki wa ku Japan analengeza kuti anapatula maselo aang'ono aja, nawalera paokha m'mbale ya madzi a mchere osakaniza ndi madzi a m'magazi a hatchi. Anapanga timafupa ndithu. Luso anabadwa nalo. Koma luso lokha siliimika nyumba pamalo pake. Mu 2007 akatswiri a ku France anaonetsa kuti khungu la mluza limatulutsa mankhwala otchedwa VEGF pamalo oŵerengeka, ndipo amisiriwo amasonkhana pomwepo. Atatsekereza uthengawo, maselo anasokonezeka ndipo mafupa sanamere. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a mtundu womwewo ndiwo amalondolera mitsempha ya magazi m'thupi la munthu.

Laimuyo safika ali mwala. Mu 1997 akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anapeza kuti amayamba wopanda dongosolo, ngati dothi lophoma, kenaka n'kuuma mwandondomeko. Zina mwa zomangirazo zimachokera m'madzi a m'nyanja, ndipo apa ndiye pagona nkhaŵa. Nyanja ikumwa mpweya wa carbon dioxide wochokera ku malasha ndi mafuta amene anthu amatentha, kotero kuti muyeso wake wa pH watsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Tiana toleredwa m'madzi a asidi wochulukirapo kaŵirikaŵiri timamera mikono yaifupi, ndipo kamwana ka mikono yaifupi kamakoka chakudya chochepa.