Galimoto Yosamwa Mafuta: Akutsutsanirana Chiyani Okonda Magalimoto?

Chiyambire kusowa kwa mafuta m'chaka cha 2022, pamene eni magalimoto anayamba kugona pamizere ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, zigubu zili pambali pawo, nkhani ya galimoto yoyendera magetsi, imene kale tinkaiyesa ya maiko olemera okha, yasanduka mtsutso wosatha kulikonse kumene okonda magalimoto akumana, kaya ndi pagalaja, kaya ndi pamalo otsukira galimoto tsiku Loweruka. Ndipo yense wotchera khutu adzapeza kuti otsutsanawo agawikana patatu.

Oyamba ndiwo otamanda Tesla ya ku America, imene inatulutsa Roadster mu 2008 ndi Model S mu 2012, nifika poti mu 2023 galimoto yake ya Model Y inagulidwa koposa ina iliyonse padziko lapansi. Amenewa amakoma mtima ndi liwiro, pakuti mota yamagetsi imapereka mphamvu yake yonse pomwepo munthu akangoponda, popanda kudikira kusintha giya. Achiwiri amati dzina silidyedwa, naloza BYD ya ku China, imene Wang Chuanfu anaiyambitsa ku Shenzhen mu 1995 ngati kampani yopanga mabatire, imene inaleka kupanga magalimoto oyendera mafuta okha mu 2022, nipambana Tesla pa malonda a magalimoto amagetsi m'miyezi itatu yotsiriza ya 2023, makamaka chifukwa cha mtengo wofikirika. Achitatu, amene ndiwo ochuluka kwathu kuno, amangopukusa mutu, nanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: Toyota inasakaniza injini ndi batire kuyambira pa Prius mu 1997, Aqua tikuiona m'misewu yathu ikumwa mafuta pang'ono, ndipo sipeya wa Toyota munthu amampeza ngakhale mumsika wa Ndirande.

Komatu onsewa akamatsutsana za maina amaiwala chinthu chimodzi, ndicho chakuti ambiri a ife sitigula galimoto yatsopano. Timaitanitsa yoyendapo kale ku Japan, nitsika padoko la Dar es Salaam, nilowa pa Songwe. Chotero galimoto yamagetsi imene Mmalawi wamba angaifikire msanga ndi yonga Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010. Amene alowa mu Leaf yakale asathamangire kuona makilomita amene yayenda, koma ayang'ane timizere tating'ono tili kudzanja lamanja la mamita a kutsogolo kwa dalaivala. Galimoto ikakhala yatsopano timizereto timakhala 12, ndipo batire ikamakalamba timazima kamodzikamodzi osayakanso. Leaf zoyambirira zinali ndi batire yosunga mayunitsi 24, ofanana ndi amene timagula a ESCOM, ndipo zili zatsopano zinkayenda makilomita pafupifupi 120. Tsono imene yatsala ndi timizere 8 ingayende bwanji ulendo wa ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre, wopitirira makilomita 300? Onjezani apo kuti batire ya Leaf siziziritsidwa ndi madzi, ndipo kutentha konga kwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumaikalambitsa msanga. Penti akhoza kunyezimira, mipando nikhala ngati yosakhalidwapo, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pa za ndalama, mbali zonse zili ndi chonena chomveka. Kugula kwalemera kwa aliyense chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023; koma amene wagula yamagetsi amayenda makilomita 100 ndi mayunitsi apakati pa 15 ndi 20, pamene mnzake wa galimoto yaing'ono ya petulo amathira malita 6 kapena 7, ndipo sadziwanso za kusintha oyilo wa injini, mapulagi, kilatchi kapena paipi ya utsi. Otsutsa amayankha kuti zonse zimene wapulumutsazo adzazibweza tsiku limodzi, pakuti batire ina ikhoza kufuna ndalama zolingana ndi mtengo wa galimoto yakaleyo, ndipo chitsimikizo cha opanga, chimene kawirikawiri chimakhala cha zaka 8 kapena makilomita 160,000, chimakhala chitatha kapena chili pafupi kutha galimotoyo ikamafika kuno. Amakumbutsanso kuti pamene Tesla inatsitsa mitengo mobwerezabwereza mu 2023, amene anagula kale anaona chuma chawo chikufota chili m'manja, ndi kuti mu Januwale 2024 kampani yobwereketsa magalimoto ya Hertz inalengeza zogulitsa magalimoto ake amagetsi okwana 20,000.

Funso lalikulu koposa onse ndi la magetsi eni akewo. Palibe waiwala mdima umene unatigwera pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, natichotsera mamegawati pafupifupi 130. Ngakhale zili tero, ine ndikhulupirira kuti pamenepa ndi pamene galimoto yamagetsi itiyenera ife koposa maiko ambiri olemera, pakuti dontho lililonse la petulo ndi dizilo timaligula ndi ndalama zakunja zimene tilibe, nilidzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, pamene magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi m'dzuwa la ku Salima ndi ku Golomoti, zimene Mlengi anatiikira pakhomo pathu. Maganizo otere ndi amene anachititsa Ethiopia kuletsa mu 2024 kuitanitsa magalimoto a anthu wamba oyendera mafuta. Munthu wokhala ku Area 25 wogwira ntchito ku Capital Hill, amene angatchaje galimoto kunyumba usiku, ndiye woyenera kuyamba.

Chotsala ndi kukonza njira. Makaniko wathu, amene amadziwa matenda a injini pongoimvera kulira, akatsegula boneti ya Leaf adzapeza nthambo zokhuthala za mtundu wa lalanje zonyamula mavoti opitirira 300, okwanira kupha munthu. Sukulu zathu zaluso ziyenera kumphunzitsa asanazikhudze. Pamsewu wa M1 pafunika malo otchajira mwachangu pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndipo boma liyenera kulamula kuti galimoto yamagetsi iliyonse yolowa m'dziko ibwere ndi umboni wa mphamvu yotsala m'batire, kuti tisasanduke dzala la mabatire otha a anthu ena. Kufikira zimenezi zitachitika, wogula asanafunse za dzina la kampani afunse zinthu zitatu izi: batire yatsala ndi moyo wotani, adzaitchajira kuti, ndipo ikadwala adzaikonza ndani. Safunsa anadya phula, ndipo phula la pamalonda awa ndi la mamiliyoni ambiri a kwacha.