Kabokosi Kokuza Mau a Gitala

M'phunziro lathu la nyimbo lero tikambirana za kabokosi kamene oimba amakacha ampulifaya, makamaka kaja kakang'ono konyamula m'manja.

Gitala ya magetsi payokha siimveka patali, pakuti iribe mimba yamphako monga banjo imene anyamata amapanga ndi cigubu. Pansi pa nsambo zake zacitsulo pali maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala wamkuwa. Nsambo ikanjenjemera, m'wayamo mumabadwa mphamvu ya magetsi yocepa ndithu. Nchito ya ampulifaya ndiyo kukuza mphamvuyo ndi kuitumiza ku sipika, ndipo sipikayo imagwedeza mpweya kufikira mau atalowa m'makutu mwathu.

M'zaka za m'ma 1970, magulu a Zamrock monga WITCH ndi Ngozi Family anali kuimbira makamu a anthu, motero anafunikira maampulifaya akuluakulu. Koma wophunzira alibe khamu. Womvera wake woyamba ndi iye mwini. M'caka ca 1973, ku America kunayamba kugulitsidwa kaampulifaya kochedwa Pignose, koyendera mabatire ang'onoang'ono 6. M'caka ca 2004 kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa kena kochedwa Micro Cube, ka mphamvu ya mawati 2 okha.

Ubwino woyamba wa kabokosi kotere ngwakuti sikadalira magetsi a m'nyumba. Mwa ici kakhoza kulira ngakhale pa sukulu ya kumudzi, kapena pansi pa mtengo wa mango.

Waciwiri ngwakuti kamanena zoona. Cala cikapanda kukanikiza bwino nsambo, kabokosiko kamaulula colakwaco pomwepo, ndipo wophunzira amacikonza cisanasanduke cizolowezi. Phokoso lalikulu limabisa zolakwa zotere.

Wacitatu ndiwo woposa onse: kamathandiza kusunga makutu. M'kati mwa khutu muli timaselo tosalimba timene timamva mau, ndipo tikaonongeka sitimeranso. Phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akamakhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku, limagonthetsa pang'onopang'ono. Koma cenjerani, pakuti nakonso kakang'onoka kakhoza kupweteka mukakatsegula kotheratu pafupi ndi khutu. Mnzanu amene ali pambali panu akayamba kufuula kuti mumumve, dziwani kuti mau akula mopitirira.

Aphunzitsi, phunziro likatha citani izi ndi ana. Gonekani rula pa desiki, mbali ina itulukire kunja, ndipo muikanikize ndi dzanja. Mwana mmodzi aikhwethemule. Kenaka fupikitsani mbali yotulukirayo, aikhwethemulenso. Afunseni anawo kuti: kodi mau akwera kapena atsika? Nanga cala ca woimba gitala cimacita ciani cikamatsetsereka pa nsambo?

Ana inu, paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani kuimba motsitsa, mvetserani liu liri lonse, ndipo makutu anu adzakutumikirani kufikira ukalamba.

Tsalani bwino.