Akafera m'chitokosi, mlandu ngwa yani?

Uthenga wotere umafika mwachidule. Foni imalira kumudzi, kaya ku Nsaru kaya ku Kabudula: mbale wanu uja wadzipha ali m'chitokosi, bwerani mudzatenge thupi. Abale amasonkherana ya bokosi ndi galimoto, adzukulu amakumba manda, mwambo wa maliro n'kutha. Ambiri amachoka kumanda akuganiza kuti poti munthu wachotsa yekha moyo wake, palibenso wofunsidwa. Malamulo a dziko lino satero.

Boma likatsekera munthu, kiyi amakhala m'manja mwa boma. Munthuyo sangapite yekha kuchipatala, sangathamangire kwa malume ake kapena kwa abusa nkhawa ikamukulira. N'chifukwa chake gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati womangidwa aliyense asungidwe mwaulemu woyenera munthu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, ndipo wolipira ndi boma. Apolisi akamavula munthu lamba ndi zingwe za nsapato asanamulowetse m'chitokosi, amakhala akuvomereza okha kuti ngoziyo akuidziwa.

Choncho mafunso a khoti saima pa mawu oti "wadzipha". Kodi omusunga adaona zizindikiro za matenda a maganizo? Adamuonetsa kwa dokotala? Usiku ankamuyendera? Adapita naye kukhoti pasanathe maola 48 monga lamulo likunenera? Ngati panali kulekerera, banja likhoza kusumira boma kudzera kwa Attorney General ndi kupempha chipepeso.

Anthu a madera ngati Nsaru ndi Kabudula amapita pa rimandi kundende ya Maula mumzinda wa Lilongwe. Ndendeyi idamangidwa kuti izisunga anthu pafupifupi 800, koma kwa zaka zambiri yakhala ikusunga oposa 2,000. Pakhamu lotere, amene amayamba kuona kuti mnzawo wasiya kudya ndi kuyankhula ndi akaidi anzake ndi nyapala (mkaidi woyang'anira anzake), pamene msilikali wa ndende ali kunja kwa chitseko. Mu 2009, pamlandu womwe mkaidi Gable Masangano adasumira boma, khoti lidagamula kuti kuthithikana kotere n'kuphwanya ufulu wa akaidi. Lidalamula kuti kuchepetsedwe ndi theka m'miyezi 18, ndipo lidakana chodzikanira choti boma lilibe ndalama.

Imfa ya Buleya Lule idaphunzitsa Amalawi kufunika kopima thupi. Iye adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, akuganiziridwa pamlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Dr Charles Dzamalala atapima thupi lake, adapeza kuti adazunzidwa ndi magetsi. Boma lidalipira chipepeso, ndipo mu 2024 khoti lidapeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa. Thupilo likadangoikidwa mwakachetechete, choonadi chikadakwiriridwa nalo limodzi.

Kuno kwathu umboni woti boma limagonja kukhoti ulipo. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe adachitiridwa nkhanza ndi apolisi mu October 2019, adapambana mlandu mu 2020 mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi, khoti n'kulamula kuti apepesedwe.

Banja lofedwa mwa njira iyi lili ndi kolowera. Lisanaike maliro, lipemphe kuti dokotala apime thupi ndipo lisunge lipoti lake. Lamulo limafunanso kuti imfa ya munthu womangidwa ifufuzidwe ndi majisitireti. Madandaulo amalandiridwa ku Malawi Human Rights Commission, ndipo ngati imfayo yachitikira kupolisi, ku Independent Complaints Commission. Osowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Chipepeso sichiukitsa wakufa. Koma banja limodzi likafunsa mpaka kuyankhidwa, wapolisi wogwira usiku amadzuka kukasuzumira m'chitokosi, ndipo mwana wa mnzathu amene wagona mmenemo lero amaonanso kunja kukucha.