Poperekeza Agogo ku Gatwick: Ulendo Umayambira pa Siteshoni

M'mipingo yathu ya ku Britain timalandira agogo ambiri ochokera kumudzi, obwera kudzathandiza ana awo akabereka. Amakhala miyezi ingapo akulera wakhanda, kenako tsiku lobwerera limafika. Chaka chatha ife a gulu la zaumoyo mumpingo mwathu tinapemphedwa kuperekeza mayi wina wotere ku bwalo la ndege la Gatwick, popeza mwana wawo ndi mkamwini wawo onse anali pa ntchito tsikulo. Agogowa ali ndi zaka zopitirira 70, amadwala shuga ndi BP, ndipo bondo limodzi limawavuta. Tinapita awiri. Tinkaganiza kuti ntchito yathu ndi kukwera sitima, kutsika, kutsanzikana, basi. Zimene zinachitika panjira ndi zimene zatichititsa kulemba nkhaniyi.

Bwalo limodzi, nyumba ziwiri

Gatwick ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa London. Sitima za Gatwick Express zimachoka pa siteshoni ya Victoria ndipo zimatenga pafupifupi mphindi 30. Za Thameslink zimadutsa pa St Pancras ndi London Bridge kuchokera kumadera monga Bedford ndi Luton, ndipo palinso sitima yochokera ku Reading. Zonsezi zimaima pa siteshoni imodzi.

Siteshoniyo ili ku South Terminal, nyumba yakale imene inatsegulidwa mu 1958. Nyumba yachiwiri, North Terminal, inatsegulidwa mu 1988 ndipo ili pa mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi. Kumeneko sitima yaikulu sifika. Munthu amayenera kutsika, kukwera m'mwamba pa chikepe kapena pa masitepe oyenda okha, kutsata zikwangwani, n'kukakwera kasitima kakang'ono kotchedwa shuttle. Kasitimaka kalibe dalaivala, kamayenda pamwamba pa mlatho wakewake, n'kaulere ndipo kamayenda usana ndi usiku. Ulendo wake ndi wa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Koma kuchokera pamene mwatsikira sitima kukafika pamene mukaperekere katundu, muli ndi munthu wachikulire komanso masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse, theka la ola limatha mosadziwika.

Mabwalo ena ali ndi dongosolo lofanana. Ku Birmingham, kasitima kaulere ka Air-Rail Link kamalumikiza siteshoni ya Birmingham International ndi bwalo la ndege. Ku Luton kuli kotchedwa DART, kamene kanayamba kuyenda mu 2023, koma iko n'kolipira. Abale a ku Johannesburg ali ndi Gautrain, imene kuyambira mu 2010 imachoka ku Sandton n'kukafika ku OR Tambo pa mphindi pafupifupi 15. Kulikonseko funso loyamba ndi limodzi: ndege yathu inyamukira nyumba iti? Yankho limalembedwa pa tikiti. Ife tinaliwerenga titafika kale.

Zimene zinatichitikira

Monga mabanja ambiri a Adventist, banjali linasankha ulendo wa pa Sande kuti lisunge Sabata mwamtendere. Chimene sitinaganizire n'chakuti ku Britain njanji zimakonzedwa kawirikawiri kumapeto kwa sabata, makamaka pa Sande. Titafika pa siteshoni yakwathu tinapeza kuti mbali ina ya ulendo tiyenda pa basi. Tinatsitsa katundu, kukweza, kutsitsanso, ndipo ola lathunthu linapita. Sitingaloze munthu chala, chifukwa chidziwitso chinali pa intaneti masiku angapo m'mbuyomo. Ife sitinayang'ane.

Pofika ku Gatwick tinali tikuthamanga, agogo akutitsatira pambuyo osadandaula. Tili pamzere wodikira kasitima kaja, mnzathu anaona kuti agogo akutuluka thukuta ngakhale kunkazizira, ndipo manja awo akunjenjemera.

"Agogo, mwadya chiyani m'mawa uno?"

"Ana anga, ndangomwa mankhwala. Ndimaopa kusowa chimbudzi panjira, ndiye chakudya ndi madzi ndinangozisiya."

Shuga anali atatsika m'thupi mwawo. Tinawakhazika pansi, n'kuwamwetsa kabotolo ka juwisi wa malalanje kamene tinali nako. Kasitima kanabwera n'kupita, kenanso kanabwera n'kupita, ife tili pompo. Patapita mphindi 15 kunjenjemera kunaleka, ndipo tinawapatsa buledi wopaka chiponde. Titafunsa za kamakina koyezera shuga, anatiuza kuti kali pansi pa sutikesi yaikulu pamodzi ndi mankhwala onse. Tinamasula sutikesiyo pomwepo, anthu akutidutsa, n'kusamutsira zonse m'chikwama chawo cham'manja. Ndege anaipeza, koma kunatsala pang'ono.

Mankhwala, chakudya ndi madzi

Insulini ndi mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide ndi gliclazide, amatha kutsitsa shuga mopitirira ngati munthu wamwa osadya, makamaka akamayenda kwambiri kapena kunyamula katundu. Zizindikiro zake ndi thukuta, kunjenjemera, njala, chizungulire ndi kusokonezeka polankhula. Pa kamakina, nambala yochepera 4 mmol/L ndi yotsika. Munthu akadali maso mumpatse chotsekemera chogwira msanga, monga kapu ya juwisi, dikirani mphindi 10 mpaka 15, ndipo akapeza bwino adye chakudya chokhalitsa m'mimba monga buledi kapena nthochi. Akakomoka musamuike kanthu m'kamwa. Itanani ogwira ntchito pamalopo kapena imbani 999.

Mankhwala onse aziyenda m'chikwama cham'manja, ali m'mabokosi awo, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Sutikesi imatha kutsalira pamene mukusintha ndege, ndipo insulini imawonongeka ikazizira kwambiri kumalo a katundu. Amene amabaya insulini afunse dokotala kapena namwino ulendo usanafike za nthawi yobayira.

Za madzi, akuluakulu ambiri amachita ngati agogo athu aja. Tiwauze poyera kuti zimbudzi zili m'nyumba zonse ziwiri za bwalo la ndege, m'sitima zambiri komanso m'ndege, choncho palibe chifukwa chodzimana. Tengani botolo lopanda kanthu, mukadzaze mukadutsa pofufuzidwa katundu. Amene sadya nyama aitanitse chakudya chawo ku kampani ya ndege kutatsala masiku awiri kapena kuposerapo kuti ulendo uchitike. Chizindikiro cha VLML ndi chakudya cha masamba chokhala ndi mazira ndi mkaka, pamene VGML chilibe chilichonse chochokera ku nyama.

Kupempha thandizo si manyazi

Tinazindikira mochedwa kuti kuthamanga konse kuja kunali kosafunika. Munthu wovutika kuyenda ali ndi ufulu wothandizidwa kwaulere pa bwalo la ndege, kuphatikizapo njinga yomukankhira mpaka pakhomo la ndege. Chofunika ndi kudziwitsa kampani ya ndege maola 48 ulendo usanachitike. Pa sitima pali dongosolo la Passenger Assist, limene ogwira ntchito amathandiza munthu kukwera, kutsika ndi kusintha sitima. Kwa amene vuto lawo silionekera, monga oiwalaiwala kapena osamva bwino, pali kalamba kobiriwira kokhala ndi maluwa a mpendadzuwa kovala m'khosi. Kanayambira pa Gatwick pomwepo mu 2016, ndipo ogwira ntchito akakaona amadziwa kuti munthuyo afunika kumulezera mtima.

Makolo athu sakonda kuvutitsa anthu. Mukawafunsa amati, "Ndiyenda ndekha, miyendo ndili nayo." Ndi udindo wa ana kukonza thandizoli n'kuwafotokozera mwaulemu kuti linaikidwa kaamba ka anthu ngati iwo. Nafenso operekeza tisamale misana yathu. Gwiritsani ntchito chikepe osati masitepe oyenda okha mukakhala ndi katundu wolemera, ndipo ponyamula sutikesi pindani mawondo, msana ukhale wowongoka.

Akakwera ndege

Ulendo wochokera ku London kupita ku Lilongwe kapena ku Lusaka umatenga maola ambiri, ndipo kawirikawiri pamakhala kusintha ndege, mwina ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Mu 2007 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala pansi osasuntha kwa maola anayi kapena kuposerapo. Vutoli siligwera anthu ambiri, koma limaopsa kwambiri kwa achikulire, amayi oyembekezera kapena ongobereka kumene, onenepa kwambiri ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa. Tinawauza agogo kuti azidzuka n'kuyendayenda, azizunguliza mapazi ali pampando, ndipo azimwa madzi. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa pambuyo pa ulendo, kapena munthu akayamba kubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo anene kuti anali pa ulendo wautali.

Sabata ndi kalendala ya ulendo

Pogula tikiti, werengani ulendo wonse kuyambira pakhomo panu mpaka kumudzi. Mu Disembala dzuwa ku London limalowa nthawi isanakwane 4 koloko madzulo, kotero woperekeza mlendo Lachisanu masana Sabata likhoza kumupeza akadali m'sitima yobwerera. Ndege yonyamuka Lachisanu usiku imakafika kumudzi pa Sabata. Ngati mwasankha Sande, yang'anani za sitima pofika Lachinayi, kuti tsiku lokonzekera lisakhale la nkhawa. Kumbukiraninso kuti pa 25 Disembala sitima siziyenda. Pa ulendo wautali yesetsani kufika pamalo operekera katundu kutatsala maola atatu, ndipo pa nthawi imeneyi onjezerani ya kasitima kaja ndi ya mayendedwe a munthu amene mukumuperekeza, osati anu.

Tisanasiyane ndi agogo tinapeza pakona, tinagwirana manja n'kupemphera. Mawa lake madzulo mwana wawo anatitumizira uthenga pa WhatsApp kuti mayi afika bwino, ndipo akuti m'ndege anayendayenda mpaka oyandikana nawo anayamba kuwatsanzira. Kuyambira pamenepo, aliyense wopempha gulu lathu kuti limuperekezere kholo timayamba tamufunsa mafunso anayi: ndege inyamukira nyumba iti, sitima zikuyenda bwanji tsikulo, mankhwala ali m'chikwama chiti, ndipo agogo adya chiyani asananyamuke.