Chida Chobisika Sichinataike: Za Tizizindikiro Tosoŵa pa Bulauza

Ku Mpingu, m'mbali mwa mseu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, liu la Chingerezi lakuti extension si lachilendo. Alimi a m'derali adalizoloŵera kalekale, pakuti Mpingu ndi limodzi mwa magawo a ulangizi wa zaulimi amene boma limaŵatcha Extension Planning Area, ndipo pafupi pomwepo pali malo ofufuzira za mbeu a Chitedze. Koma masiku ano mlangizi, mphunzitsi kapena kalaliki akatsegula kompyuta amakumananso ndi liu lomweli likutanthauza chinthu china, ndicho chida choonjezera cha pa bulauza. Nkhani ya lero ikufotokoza za zida zimenezi, makamaka za vuto limene limasautsa ambiri, loti tizizindikiro take timasoŵa pamalo pamene mwini kompyuta adazoloŵera kutiona.

Bulauza ndi zida zake

Bulauza ndi pologalamu imene munthu amatsegula pofuna kuŵerenga masamba a pa intaneti. Mabulauza odziŵika kwambiri ndi Chrome wa kampani ya Google, amene adatuluka mu 2008, Firefox wa bungwe la Mozilla, amene adatuluka mu 2004, ndiponso Edge wa kampani ya Microsoft. Bulauza ali ngati njinga yongogulidwa kumene m'sitolo. Njingayo imayenda bwino lomwe, koma mwiniwake amaionjezera kaliyala, belu ndi nyali molingana ndi ntchito imene akufuna kugwira nayo. Zida zoonjezera zili chimodzimodzi. Ndi timapologalamu ting'onoting'ono timene munthu amaika pa bulauza kuti azichita zimene sakanatha kuchita payekha.

Zida zina zimamasulira mau. Chimodzi mwa izo ndi Google Translate, ntchito yomasulira imene idalandira Chicheŵa pamndandanda wa zilankhulo zake mu Disembala 2014. Zina zimatsekereza zotsatsa malonda zimene zimadzaza masamba, ndipo potero tsamba limatseguka msanga, bandulo ya intaneti nayonso imachedwa kutha. Zinanso zimasunga mau achinsinsi oloŵera pamasamba osiyanasiyana kuti munthu asavutike kuŵaloŵeza onse pamtima.

Pamwamba pa bulauza aliyense pali mzere wopingasa. Kumanzere kwa mzerewo kuli timivi tobwerera m'mbuyo ndi topita m'tsogolo, pakati pali mpata wautali wolembamo keyala ya tsamba, ndipo kumanja ndiko kumakhala tizizindikiro ta zida zoonjezera. Chida chilichonse chili ndi kachizindikiro kake, ndipo munthu akafuna kuchigwiritsa ntchito amadina pakachizindikiroko.

Pamene vuto lagona

Mlangizi wa zaulimi angathe kutsegula laputopu yake m'maŵa kuti aŵerenge lipoti la Chingerezi lonena za kadukutu wa mtedza, napeza kuti kachizindikiro ka chida chomasulira palibe. Maganizo oyamba amakhala akuti chidacho chafufutika, kapena kuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi. Ena zikatere amanyamula makinawo kupita nawo m'tauni kwa okonza, naononga ndalama za ulendo ndi za malipiro pa chinthu chosaonongeka. Ena amafunafuna chida chomwecho pa intaneti ndi kuchitenga patsamba lililonse limene layamba kuonekera. Njira yachiŵiriyi ndiyo yoopsa koposa, monga zidzaonekera kutsogoloku.

Kaŵirikaŵiri chidacho chimakhala chilipo ndithu, ndipo chikugwirabe ntchito. Chimene chasoŵa ndi kachizindikiro kokha. Kale chida chilichonse chikangoikidwa chinkakhazika kachizindikiro kake pamzere wapamwamba, kotero kuti munthu wa zida zambiri ankakhala ndi mzere wothinana. Mu Meyi 2020, potulutsa Chrome 83, Google adasintha kachitidwe kameneka. Zida zonse zidasonkhanitsidwa m'kabokosi kamodzi, ndipo chida chatsopano chimaloŵa m'menemo osaonekera pamzere kufikira mwiniwake atachitulutsa yekha. Firefox adatsata njira yofananayo mu Januwale 2023 potulutsa Firefox 109. Motero khasu limene munthu akulifunafuna pabwalo lili m'nyumba, kuseri kwa chitseko.

Kubwezeretsa kachizindikiro

Kabokosiko kali kumanja kwa mpata wolembamo keyala. Chizindikiro chake ndi kachibenthu kokhala ndi timitu totuluka m'mbali, konga tizidutswa timene ana amalumikiza poseŵera kuti apange chithunzi chathunthu. Pa Chrome, munthu adine pakachibenthuko, ndipo mndandanda wa zida zake udzatseguka. Pambali pa dzina la chida chilichonse pali kapini konga kokhomera mapepala pabolodi ya zidziŵitso. Akadina kapiniko kamasintha mtundu, ndipo nthaŵi yomweyo kachizindikiro ka chidacho kamaonekera pamzere wapamwamba. Akadinanso kaŵiri, kachizindikiroko kamabwerera m'kabokosi. Tizizindikiro tikakhala tingapo, munthu angathe kutisanja mmene akufunira pogwira kamodzi ndi mausi ndi kukakokera kumanja kapena kumanzere.

Pa Firefox kachibenthu kali pamalo omwewo, koma m'malo mwa kapini pali kagudumu ka mano pambali pa dzina la chida. Munthu adine kagudumuko, kenaka asankhe mau akuti Pin to Toolbar. Kuyambira mu Juni 2025, pa Firefox 140, kachibenthu kameneka nakonso kangathe kuchotsedwa pamzere. Ngati palibe, mndandanda wa zida umapezeka podina timizere titatu ta pakona yakumanja ndi kusankha mau akuti Extensions. Edge naye, amene kuyambira mu Januwale 2020 adamangidwa pamaziko amodzi ndi Chrome, ali ndi kachibenthu kotereka, ndipo pambali pa dzina la chida chilichonse pali kabatani koonetsera kapena kobisira kachizindikiro kake.

Ntchito yonseyi siitenga mphindi imodzi, siifuna katswiri, ndiponso siidya bandulo, pakuti palibe chimene chikutengedwa pa intaneti.

Zifukwa zina zosoŵetsa tizizindikiro

Nthaŵi zina kapini kamakhala kodinidwa kale koma kachizindikiro osaoneka. Apa mpofunika kuyang'ana zinthu zisanu motsatana.

Choyamba ndi kukula kwa zenera la bulauza. Zenera likachepetsedwa, malo a pamzere amachepa, ndipo bulauza amabisa tizizindikiro tina m'kabokosi. Likakuzidwanso timabwerera tokha. Ngati mzere wonse wapamwamba wasoŵa, kapena chala chidagunda batani la F11, limene limachititsa tsamba kudzaza sikirini yonse. Kulidinanso kumabwezeretsa mzerewo.

Chachiŵiri ndi zenera lachinsinsi, limene pa Chrome limatchedwa Incognito ndipo pa Firefox limatchedwa Private Window. M'zenera lotere zida zoonjezera siziloŵa pokhapokha mwini ataziloleza chimodzichimodzi. Izi adazichita dala pofuna kuteteza chinsinsi cha munthu.

Chachitatu chimakhudza kwambiri maofesi ndi sukulu kumene anthu angapo amagwiritsa ntchito kompyuta imodzi. Bulauza amalola munthu aliyense kukhala ndi gawo lakelake, lotchedwa profile, ndipo zida zimakhala za gawo limene zidaikidwamo. Mphunzitsi akatsegula bulauza m'gawo la mnzake sangapeze zida zake. Pa Chrome, kachithunzi kozungulira ka pakona yakumanja ndiko kamasonyeza mwini gawo, ndipo podina pamenepo munthu amasamukira m'gawo lake. Makompyuta ena a mabungwe amakhalanso ndi oyang'anira amene amaletsa zida zina, ndipo pamenepo wofunsidwa ndi woyang'anirayo.

Chachinayi ndi chakuti chida chingathe kuzimitsidwa. Chida chozimitsidwa sichioneka pamzere, ndipo pa Chrome zida zonse zikazimitsidwa kachibenthu komwe kamasoŵa. Pofuna kuona zida zonse, zoyaka ndi zozima zomwe, munthu alembe chrome://extensions mumpata wa keyala, kapena about:addons ngati ali pa Firefox. Chida chilichonse chili ndi kaswichi kake pamenepo, ndipo kukayatsa kumadzutsa chidacho.

Chachisanu ndi cha amene amaŵerenga intaneti pafoni, amene m'midzi ndiwo ambiri. Chrome wa pafoni salandira zida zoonjezera, choncho munthu wozifunafuna pamenepo akungotaya nthaŵi. Firefox wa pafoni za Android amazilandira, ndipo mu Disembala 2023 adatsegula khomo kwa zida zambiri. Koma pafoni malo ngochepa, kotero zidazo zimapezeka podina timadontho titatu, osati pamzere monga pakompyuta.

Pamene bulauza wazimitsa yekha

Pali nthaŵi zina pamene kaswichi kamakana kuyaka chifukwa bulauza mwini wake ndiye wazimitsa chidacho. Zifukwa zake ndi ziŵiri. China ndi kukalamba kwa chida. Google adasintha malamulo a kapangidwe ka zida, kuchoka pa ndondomeko yotchedwa Manifest V2 kupita pa Manifest V3. Kuyambira mu 2024 Chrome adayamba kuzimitsa zida zopangidwa m'njira yakale, ndipo mu 2025 zidalekeratu kugwira ntchito. Chimodzi mwa zida zotchuka zimene zidakhudzidwa ndi uBlock Origin, chotsekereza zotsatsa malonda. Wochipanga, Raymond Hill, adakonza china chopepuka chotchedwa uBlock Origin Lite chimene Chrome amachilandira, pamene chakalecho chikugwirabe ntchito pa Firefox.

Chifukwa china ndi ngozi. Padali chida chotchedwa The Great Suspender, chimene chinkagoneka masamba amene munthu sakuŵaŵerenga kuti kompyuta isamachedwe, ndipo anthu oposa 2 miliyoni ankachigwiritsa ntchito. Mu 2020 wochipanga adachigulitsa kwa munthu wosadziŵika. Mu Febuluwale 2021 Google adachichotsa m'sitolo yake nachizimitsa pamakompyuta a anthu, zitapezeka kuti mudaikidwa zinthu zoononga. Eni makompyuta sadalakwe kanthu. Chida chimene adachikhulupirira zaka zambiri ndicho chidasintha mwini iwo osadziŵa. Bulauza akachenjeza motere, nzeru ndi kuchotsa chidacho, osati kufunafuna njira yochibwezera mokakamiza.

Apa ndipo pakuonekera kuopsa kotenga zida pamasamba osadziŵika. Zida zambiri poikidwa zimapempha chilolezo choŵerenga ndi kusintha zonse za pamasamba amene munthu akutsegula. Chida chomasulira chimafunadi chilolezo chotere, pakuti sichingamasulire mau amene sichikuŵaona. Koma chilolezo chomwecho chikakhala m'manja mwa wakuba, mau achinsinsi a imelo, a Facebook ndi a kubanki amakhala poyera. Akuba amapanga zida zonamizira, nazipatsa maina ndi tizizindikiro tofanana ndi ta zida zenizeni. Nchifukwa chake chida chikasoŵadi, malo ochitengako ndi sitolo ya bulauzayo, ndiyo Chrome Web Store kwa a Chrome, ndi tsamba la addons.mozilla.org kwa a Firefox. Ngakhale kumeneko mpofunika kuŵerenga dzina la wopanga chidacho ndi kuyang'anitsitsa chilolezo chimene chikupempha.

Kuyendera kabokosi

Popeza chida chobisika chimakhala chikugwirabe ntchito, kabokosi kaja kangathe kusunganso alendo osaitanidwa. Kompyuta yogulidwa kwa munthu wina, kapena yobwerekedwa kwa mwana wa sukulu, kaŵirikaŵiri imabwera ndi zida zimene mwiniwake watsopano sadaziikepo. Zizindikiro zake ndi monga zotsatsa malonda zobuka paliponse, tsamba loyamba losintha lokha, ndi bandulo yotha msanga kuposa masiku onse. Choncho ndi chizoloŵezi chabwino kutsegula mndandanda wa zida kamodzi pamwezi, monga mlimi amayendera nkhokwe yake kuona ngati anankafumbwe aloŵamo. Chida chosadziŵika kumene chidachokera, kapena chimene papita miyezi chisanagwiritsidwe ntchito, chichotsedwe podina batani lolembedwa Remove. Pamzere wapamwamba pakhale ziŵiri kapena zitatu zimene zimafunika tsiku ndi tsiku, zotsalazo zikhale m'kabokosi.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Omvera a ku Mpingu, a ku Namitete, a ku Nsaru, a ku Kabudula, a ku Nambuma ndi a m'maboma ena onse, kachizindikiro kakasoŵa asathamangire kwa okonza kapena kumasamba achilendo. Ayambe adina kachibenthu ka pakona yakumanja ndi kuyang'ana kapini. Zikakanika aone kukula kwa zenera, mtundu wake ndi gawo limene alimo, kenaka atsegule mndandanda wa zida zonse. Ngati bulauza walemba chenjezo pa chida china, alimvere chenjezolo. Amene wazidziŵa zimenezi amuonetsenso mnzake wa mu ofesi kapena wa pasukulu, kuti ndalama ya ulendo wa m'tauni igule mbeu kapena makope a ana.