Ndege zotamandidwa ku Ulaya, kuno zidasiya maliro

FONTE BOA – Kumaiko a azungu kuli anthu okonda ndege zankhondo za m'ma 1950 monga momwe Mngoni amakondera ng'ombe zake. Amazisunga m'nyumba zoonetsera zakale, nakangana kuti yokongola ndi iti. Zitatu mwa ndege zimenezi zidauluka mumlengalenga mwa Mozambique, ndipo anthu a chigawo cha Tete amazikumbukira mwa mtundu wina.

Yoyamba ndi Fiat G.91 ya ku Italy, yomwe idayamba kuuluka mu 1956. Apwitikizi adagula 40 kwa Ajeremani. Nkhondo ya Frelimo itakula m'chigawo chino, zina adaziika pabwalo la Chingodzi ku Tete, m'gulu lotchedwa Escorpiões, ndiye kuti zinkhanira. Ndegeyi inali ndi mfuti zinayi, inkanyamulanso mabomba, ndipo inkathamanga makilomita oposa 1,000 pa ola. Pa liwiro lotere, kuchoka ku Tete kufika kumapiri a Angónia ndi mphindi zosakwana 15. Munthu wapansi akamva kulira kwake, ndiye kuti yafika kale.

Pa 16 Disembala 1972 ndege za Fiat zidaponya mabomba m'dera la Wiriyamu, kum'mwera kwa mzinda wa Tete, kenaka asilikali adalowa m'midzi. Wofufuza mbiri Mustafah Dhada adasonkhanitsa maina 385 a anthu ophedwa. Dziko lonse lidamva nkhaniyi mu Julaye 1973, pamene Bambo Adrian Hastings adailemba m'nyuzipepala ya The Times ku London. Mu 2022, ali ku Maputo, António Costa, yemwe anali nduna yaikulu ya Portugal, adapepesa chifukwa cha chiwembucho.

Yachiwiri ndi Hawker Hunter ya ku Britain, imene ambiri amati ndiyo yokongola kuposa zonse. Boma la Ian Smith la Rhodesia ndilo lidabwera nayo kuno. Mu Novembala 1977 ndegezi zidaphulitsa misasa ya asilikali a Robert Mugabe ku Chimoio, ndipo patapita masiku awiri zidaphulitsanso ku Tembue, m'chigawo chathu chomwechino.

Yachitatu ndi MiG-17 ya ku Soviet Union, imene dziko lino lidalandira litapeza ufulu. Idamveka kwambiri pa 8 Julaye 1981, pamene Adriano Bomba adathawa nayo imodzi nkukatera ku Hoedspruit ku South Africa. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo boma linali ndi ma MiG, koma sadathetse nkhondo, poti woyenda pansi m'tchire usiku ndege yothamanga siimuona. Midzi yambiri ya kuno idatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adakhala ku Malawi. Chidawabwezera kwawo ndi pangano lamtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992.

Apwitikizi adasiya kuulutsa Fiat mu 1993, ndipo ina idaikidwa m'nyumba yoonetsera ndege ku Sintra. Alendo amaijambula nkumasirira. Ana a ku Tsangano, Ulónguè ndi Dómuè sadzapita onse ku Sintra, koma agogo awo alipo. Awafunse m'mene ndege inkalirira, ndi kumene anthu ankabisala ikamabwera.