Kuchoka ku London kupita ku Netherlands pa sitima ya usiku: katundu wanu ali m'manja mwa yani?

Amalawi ambiri okhala ku Britain akafuna kukaona abale ku Netherlands kapena ku Germany amathamangira ndege. Koma amene ali ndi masutikesi olemera, omwe pa ndege angawadyere ndalama zambiri, amasankha njira ina: sitima ya pamtunda kuchoka ku London kukafika ku doko la Harwich, kenako sitima ya pamadzi yogonamo mpaka ku Hoek van Holland. Njirayi ndi yabwino, koma imatopetsa munthu wosaidziwa chifukwa ulendo umodzi umadutsa m'manja mwa makampani ndi maboma angapo. Aliyense amayankha za chigawo chake chokha.

Zonse zimayamba ndi mapepala. Britain sili m'gulu la mayiko a Schengen, choncho chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Netherlands. Woyenda ndi pasipoti ya Malawi ayenera kupeza viza ya Schengen kudzera ku ofesi ya kazembe wa dziko limene akakhalitseko. Kuyambira mu 2024 viza ya munthu wamkulu ndi €90, ndipo amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera €30,000. Mutha kufunsira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, koma musadikire mpaka masiku 15 omaliza. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke m'mayikowo. Onetsetsaninso kuti pasipoti yomweyo ndi imene yalembedwa pa eVisa yanu ya ku Britain, chifukwa pobwerera kampani ya sitima idzafuna umboni woti muli ndi ufulu wolowanso.

Chigawo choyamba ndi cha kampani ya Greater Anglia, kuchokera pa siteshoni ya Liverpool Street kukafika ku Harwich International, ulendo wa pafupifupi ola ndi theka. Malamulo a njanji ku Britain amalola munthu kukwera ndi katundu mpaka mitolo itatu, malinga malo alipo, ndipo amayembekezera kuti mwini wake aziyendetsa yekha. Sitima zina zimafika molunjika padoko, zina mumatsika ku Manningtree n'kukwera ina. Wokhala ndi masutikesi awiri ndi mwana afunefune yolunjikayo. Madzulo sitimazi zimadzaza ndi anthu oweruka kuntchito, ndiye fikani msanga kuti mupeze poika katundu pamalo poti muzimuona. Sitima ikachedwa mphindi 15 kapena kuposa, muli ndi ufulu woitanitsa gawo la ndalama zanu kudzera mu ndondomeko ya Delay Repay, koma ndalamazo sizingakubwezereni sitima ya pamadzi ikakusiyani. N'chifukwa chake kukwera sitima yomaliza n'kudziika pachiswe.

Siteshoni ya Harwich International ili padoko penipeni, ndipo kuchokera pamenepo muli m'manja mwa Stena Line. Amaona tikiti ndi pasipoti, n'kukupatsani kakhadi kotsegulira chipinda. Pa ulendo wa usiku kulipira chipinda ndi lamulo, simungangokhala pampando. Sitima imanyamuka cha m'ma 11 koloko usiku, koma kulembetsa amatseka mphindi 45 nthawiyo isanakwane. Chotopetsa apa ndi mtunda: makwerero, mlatho wautali wolowera, kenako tinjira topanikiza topita kuchipinda. Zipinda zake n'zazing'ono, moti sutikesi yaikulu kuitsegula pansi ndiye kuti mwatseka njira. Longedzani kachikwama kapadera kokhala ndi pasipoti, mankhwala, chaja ndi zovala zogonera, chachikulucho chikhale chotseka mpaka mukafike.

Ufulu wa okwera sitima za pamadzi udalembedwa mu lamulo la European Union nambala 1177 la 2010, lomwe Britain idalisungabe itatuluka m'bungweli. Sitima ikalephereka kapena ikachedwa kunyamuka kupitirira mphindi 90, kampani iyenera kukupatsani mwayi wosankha: kukupezerani ulendo wina popanda kuwonjeza ndalama, kapena kukubwezerani ndalama za tikiti. Mukafika mochedwa kwambiri pali chipukuta misozi cha 25 kapena 50 peresenti ya mtengo wa tikiti, kutengera kutalika kwa ulendo ndi kuchedwako. Chipukuta misozichi sichiperekedwa ngati chachedwetsa sitima ndi nyengo yoipa panyanja, zomwe zimachitika pa North Sea m'nyengo yozizira.

Za katundu woonongeka zimatsata pangano la Athens. Ngati chikwama chang'ambika kapena kuthyoka moonekeratu, dandaulani polemba kalata musanatsike kapena potsika pomwepo. Ngati kuonongekako mwakuona mutafika kunyumba, muli ndi masiku 15. Ndalama, golide ndi zinthu zina zodula kampani siyankhapo pokhapokha mutazipereka kwa iwo kuti akusungireni. Ambiri amaluza apa chifukwa chongodandaula pakamwa kwa wantchito amene wadutsa, osasiya cholembedwa.

M'mawa cha m'ma 8 koloko, nthawi ya ku Netherlands yomwe ili patsogolo ndi ola limodzi, mumatsika ku Hoek van Holland. Pasipoti amaiona apolisi a m'malire otchedwa Koninklijke Marechaussee, ndipo angafunse komwe mukagone, ndalama zomwe muli nazo komanso tikiti yobwerera. Kuyambira mu Okutobala 2025 mayiko a Schengen adayamba kulemba alendo m'kompyuta pojambula nkhope ndi zidindo za zala, choncho mzere ukhoza kuyenda pang'onopang'ono.

Kenako pali a kasitomu, ndipo apa ndi pomwe mphatso za abale zimathera. Chiyambire 2021 nyama, mkaka, tchizi ndi zonse zopangidwa kuchokera ku zimenezi siziloledwa kuchoka ku Britain kulowa mu European Union. Mu Januwale chaka chimenecho akuluakulu a padoko lomweli adalanda ngakhale buledi wokhala ndi nyama m'kati kwa oyendetsa magalimoto. Zipatso zambiri ndi ndiwo zamasamba zaziwisi zimafuna chikalata cha zaumoyo wa mbewu. Nsomba zouma kapena zowamba zimaloledwa mpaka makilogalamu 20, ndiye usipa wa achemwali ungadutse pomwe nyama yofutsa ingatsale. Wonyamula ndalama zokwana €10,000 kapena kuposa ayenera kuzionetsa yekha asanafunsidwe.

Chigawo chomaliza ndi cha ku Netherlands. Njanji ya padokoli idasanduka ya metro mu 2019, ndipo siteshoni ya Hoek van Holland Haven ili pafupi ndi potulukira. Metro B, yomwe imadutsa pa siteshoniyi, siyifika pa Rotterdam Centraal. Wopita ku Den Haag kapena ku Amsterdam atsike pa Schiedam Centrum n'kukwera sitima ya kampani ya NS. Mutha kulipira pogunditsa khadi la kubanki pa makina polowa ndi potuluka, ndipo posintha kuchoka pa metro kupita pa NS muyenera kutuluka kaye pa makina a kampani ina musanalowe pa a inayo. Mukaiwala amakudulani ndalama zochuluka kuposa mtengo wa ulendo.

Musananyamuke, yesani kukweza katundu wanu yense pa makwerero a pakhomo panu nokha. Chimene chakukanikani chisiyeni kapena chitumizeni padera. Sungani matikiti ndi malisiti onse, jambulani zikwama zanu zisanakwere, ndipo china chikalakwika lemberani kampani ya chigawo chomwe vutolo lachitikira, masiku odandaulira asanathe.